Kusaka nyimbo monga amachitira mahipster: khutu, mbale zakale, singano, ndi zochita nyimbo ikatchuka

Mu Okutobala 2024 woimba wa ku California, Tyler, the Creator, anatulutsa chimbale chimene chinakwera mpaka pa nambala 1 pa Billboard 200, mndandanda wa zimbale zotchuka kwambiri ku America. M'nyimbo yake ina, "Noid", mumamveka gitala lokalipa ndi mawu a Chinyanja. Mawuwo anawadula pa mbale ya nyimbo (rekodi) ya mu 1977 ya Ngozi Family, gulu la Paul Ngozi la ku Zambia. Paul Ngozi anamwalira mu 1989, ndipo kwa zaka zambiri mbale zake zinangokhala m'makabati, zina zikudyedwa ndi chuku. Zinafika ku America kudzera mwa anthu osaka mbale zakale, kenako kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles inazidindanso, ma DJ anayamba kuziika, mpaka woimba wa anthu mamiliyoni anazimva.

Njira imeneyi, yochokera m'bokosi lafumbi kukafika m'makutu a chigulu, ndi imene mahipster amayendamo. Ali ndi luso losaka limene aliyense wokonda nyimbo angaphunzire. Alinso ndi matenda awo, otaya nyimbo ikangodziwika ndi ambiri. Pano tikuphunzitsa lusolo, ndipo matendawo tisonyeza pamene amalowera.

Mahipster ndi ndani, ndipo amathawa chiyani

Dzinali linayamba ku America m'ma 1940, kunena okonda jazz ya bebop ya anthu ngati Charlie Parker ndi Dizzy Gillespie, makamaka anyamata achizungu amene ankatengera kavalidwe ndi kayankhulidwe ka oimba akuda. Linadzukanso cha m'ma 2000 m'madera ngati Williamsburg ku Brooklyn, Shoreditch ku London ndi mzinda wa Portland. Anthu amakumbukira ndevu, magalasi a mafelemu okhuthala, zovala za pa kaunjika ndi njinga zopanda magiya, koma msana wa zonsezi unali nyimbo. Ulemu wa munthu pakati pa anzake unkachokera pa kudziwa gulu loimba ena asanalimve.

Katswiri wa zachikhalidwe Sarah Thornton, polemba mu 1995 za achinyamata a m'makalabu a ku Britain, anafotokoza kudziwa kotereku ngati chuma. Vuto la chuma chimenechi n'lakuti chimasungunuka chikagawidwa. Mukakhala anthu khumi odziwa nyimbo ina, kudziwako n'kwamtengo. Wayilesi ikayamba kuiika katatu pa tsiku, mtengo watha, ndipo amene ankaikondera kubisika kwake amanyamuka kukasaka ina.

Mbiri yasonyeza kuti zimene mahipster amatola sizikhalitsa pakona. Mu 2004 tsamba la pa intaneti lolemba za nyimbo la Pitchfork linapatsa chimbale choyamba cha Arcade Fire, gulu la ku Montreal limene linali pa kakampani ka Merge, mamalikisi 9.7 pa 10. Mu 2011 gulu lomwelo linalandira Grammy ya chimbale chopambana zonse. Pitchfork yeniyeniyo inagulidwa ndi kampani yaikulu ya magazini ya Condé Nast mu 2015, ndipo mu 2024 inaikidwa pansi pa magazini ya GQ. Ngakhale mbale za vinyl, zimene zinali chizindikiro chawo, mu 2022 zinagulidwa zokwana pafupifupi 41 miliyoni ku America pamene ma CD anali 33 miliyoni, ndipo wogulitsa kwambiri anali Taylor Swift. Choncho musalowe m'zimenezi poganiza kuti mudzakhala ndi chinsinsi chanu mpaka kale. Lowani chifukwa kunja kuno kuli nyimbo zabwino zochuluka kuposa zimene wayilesi ili ndi nthawi yoika.

Yambani ndi khutu, ndalama pambuyo

Musagule kanthu mwezi woyamba. Tengani nyimbo imodzi imene mumaikonda zenizeni, mufufuze zinthu zinayi: anaijambula ndani, inatuluka pa kampani iti, chaka chanji, ndipo anaimba zida ndani. Zonsezi zimalembedwa kuseri kwa chikuto, ndipo pa intaneti mungazipeze pa Discogs, nkhokwe ya mbiri ya mbale imene inayamba mu 2000. Dzina lililonse ndi khomo. Wojambula mmodzi amakhala atagwira ntchito ndi magulu makumi angapo, ndipo kampani yaing'ono imakhala ndi kakomedwe kake, chifukwa wosankha nyimbo amakhala munthu mmodzi kapena awiri.

N'chifukwa chake osaka odziwa amatsata makampani kuposa oimba. Kwa nyimbo za ku Africa kuno, yambani ndi Now-Again pa Zamrock, nyimbo za rock za ku Zambia za m'ma 1970, kumene mudzapeze WITCH, Amanaz ndi Ngozi Family. Analog Africa ya ku Frankfurt inayamba ndi magulu a ku Zimbabwe, The Green Arrows ndi Hallelujah Chicken Run Band. Soundway ili ndi zambiri za ku Ghana, Nigeria ndi Kenya. Awesome Tapes From Africa inayamba mu 2006 poika makaseti pa intaneti, ndipo pambuyo pake inakhala kampani. Bongo Joe ya ku Geneva ndi imene yakhala ikutulutsa Madalitso Band. Wofuna kubwerera kutali apite ku zojambula za Hugh Tracey, katswiri amene ankayenda mu Africa akujambula nyimbo za makolo. Zimasungidwa ku International Library of African Music ku Makhanda, South Africa. Muli nyimbo za ku Nyasaland za m'ma 1950, zabangwe ndi zamagule. Sankhani kampani imodzi pa mwezi, muimvere kuyambira koyamba.

Spotify ndi YouTube zimathandiza, koma dziwani mmene zimagwirira ntchito. Zimakupatsani zofanana ndi zimene mwamvera kale ndiponso zimene anthu ofanana nanu amvera, motero zimakuzungulitsani pabwalo limodzi. Wayilesi yosankhidwa ndi munthu imakutulutsani. NTS ya ku London, imene inayamba mu 2011, ndi KEXP ya ku Seattle zimamveka ulere pa intaneti ndipo zimalemba mayina a nyimbo zimene zaikidwa. WhoSampled imakuuzani kumene woimba wamakono anadula kachidutswa kakale, ndipo ndi njira yachidule yochokera pa nyimbo yotchuka kupita pa yobisika.

Lamulo la kamvedwe ndi ili: chimbale chatsopano chimvereni katatu, masiku osiyana, chonse, osadumpha. Ulendo woyamba khutu limangomva zimene silinazolowere. Wachiwiri tsatani chida chimodzi, besi kapena ng'oma, kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Wachitatu ndi pamene mungaweruze. Lembani m'kope mizere iwiri yonena chimene chakukokani. Mukapeza kuti mwalemba zoti "palibe amene akuidziwa" osatchulapo za nyimboyo, ndiye kuti matenda aja ayamba, bwererani mukamvetserenso.

Kuyang'ana mbale musanalipire

Ku London, Johannesburg kapena Cape Town kuli masitolo a mbale zakale ndi misika ya Loweruka. Ku Malawi ndi ku Zambia mbale zambiri zili m'nyumba za anthu, m'masutikesi a agogo ndi m'makabati a aphunzitsi opuma. Ku Zambia zambiri zinadindidwa ndi Teal Record Company ku Ndola, ndipo mudzaonanso dzina la Zambia Music Parlour. Ku Malawi kunali Nzeru Record Company kumapeto kwa m'ma 1960, kuphatikizapo mbale zobwera ndi anthu ochokera ku Joni ndi ku Salisbury. Funsani mwaulemu, ndipo dziwani kuti kwa mwini wake mbaleyo mwina ndi chikumbutso cha malemu.

Mitundu ndi itatu. Yaikulu ya mainchesi 12 imazungulira maulendo 33⅓ pa mphindi ndipo imatenga mphindi pafupifupi 22 mbali imodzi. Yaing'ono ya mainchesi 7 imazungulira 45, kawirikawiri nyimbo imodzi mbali iliyonse. Yolemera, youma gwa, ya mainchesi 10, yozungulira 78, ndi ya nthawi ya galamafoni. Imeneyi si ya vinyl koma shellac, imasweka ngati mbale yadothi, ndipo imafuna singano yakeyake yokulirapo.

Itulutseni m'chikuto mutaigwira m'mphepete ndi pa lebulo yapakati, zala zisakhudze mizere. Pitani nayo pawindo kapena yatsani tochi ya foni, muipendeketse pang'onopang'ono kuti kuwala kuyende pamwamba pake. Mudzaona timizere toyera ngati ulusi wa kangaude. Tambiri ndi tongokhudzidwa ndi pepala, sitimveka. Pa mzere uliwonse wooneka wozama yendetsani nsonga ya chikhadabo mopepuka. Chikakodwa, singano nayo idzakodwa, ndipo mudzamva "tha, tha, tha" pa kuzungulira kulikonse. Mzere wodutsa mopingasa umangochita phokoso, koma woyenda motsatira mizere ya nyimbo ndi woipa kwambiri, chifukwa umasocheretsa singano n'kumabwereza malo amodzi.

Kenako onani mtundu wa mizereyo. Mbale yabwino imakhala yakuda bii, yonyezimira. Ikaoneka yotuwa ngati yathiridwa phulusa, makamaka pamalo amene nyimbo imakwera mawu, ndiye kuti inaperepesedwa ndi singano yobuntha. Kutsuka sikungabweze zimenezo, mawu adzakhala osasa mpaka kale. Onaninso pozungulira kabowo kapakati: timikwingwirima tambiri pa lebulo tikusonyeza kuti mbaleyo inaikidwa kambirimbiri. Pomaliza ikwezeni molingana ndi maso muone m'mphepete mwake. Kupindika pang'ono kooneka ngati mbale yodyera nthawi zambiri kumaimba. Kupindika kwa mafunde m'mphepete, kobwera ndi dzuwa, kumaponya singano m'mwamba. Nunkhizaninso chikuto, fungo la chinyezi likutanthauza chuku. Ndipo yerekezani dzina la pa lebulo ndi la pa chikuto, chifukwa m'mabokosi akale mbale zimasinthana nyumba. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Pali malo amodzi amene ongoyamba kumene saonapo. Pakati pa nyimbo yomaliza ndi lebulo pali kabwalo kosalala, ndipo pamenepo pamakhala manambala ndi zilembo zozokotedwa. Zimenezi ndi zimene zimasiyanitsa mbale yoyambirira, yodindidwanso ndi yachinyengo. Zilembeni pa Discogs ndipo mudzaona mtundu weniweni umene mwagwira.

Mtengo wake

Ogulitsa pa dziko lonse amagwiritsa ntchito muyezo wa Goldmine. NM ndi yooneka ngati yatsopano. VG+ ili ndi timizere tochepa tosamveka kwenikweni. VG imamveka phokoso pamalo achete koma nyimbo imaliposa. G imaimba yonse koma phokoso silichoka. Mwachizolowezi VG+ imagulidwa pafupifupi theka la mtengo wa NM, VG gawo limodzi mwa magawo anayi, ndipo G imatsika kufika cha pa 10 kapena 15 pa 100 alionse. Mbale ndi chikuto zimayezedwa padera. Mbale zambiri zopezeka kuno zimakhala VG kapena G, chifukwa zinagwira ntchito pa maukwati ndi m'mabala, ndipo mbale ya VG yotsukidwa bwino imakoma ndithu.

Pa Discogs musayang'ane mtengo umene ogulitsa akuitanira. Yang'anani mbiri ya zimene zinagulidwadi, pamene pamalembedwa mtengo wotsika, wapakati ndi wokwera, mutenge wapakatiwo. Izi n'zofunikanso kwa inu amene muli ndi mbale za makolo. Munthu akabwera n'kunena kuti agule bokosi lonse pa mtengo umodzi, musavomere tsiku lomwelo. M'bokosi la mbale makumi asanu, zambiri zimakhala za Jim Reeves ndi zina zimene zinadindidwa mamiliyoni, koma imodzi ya Zamrock yoyambirira ingapose zonsezo pamodzi. Safunsa anadya phula. Inunso ogula, mukadziwa kuti mwagwira chamtengo, muuzeni mwini wake. Mbiri ya kusaka mbale mu Africa ili ndi chilonda chimenechi, cha anthu ogula motchipa kwa osadziwa n'kukagulitsa ku Ulaya, ndipo sitiyenera kuchikulitsa.

Musanyengeke ndi zolemba zoti mbale ndi ya magalamu 180. Kulemera sikukometsa mawu. Chofunika ndi kumene mawuwo anatengedwa ndiponso amene anawakonza asanadinde.

Makina oimbira

Apa ndi pamene ndalama zambiri zimatayika. Pewani timakina tooneka ngati sutikesi tokhala ndi masipika momwemo. Singano yake imapondereza ndi magalamu 5 kapena kuposa, simungasinthe kulemerako, ndipo masipika amagwedeza mbale imene ikuimba. Poyambira pabwino ndi Audio-Technica AT-LP60X kwa wofuna zosavuta, AT-LP120X kapena Rega Planar 1 kwa wofuna zokhalitsa, kapena makina akale a Technics, Pioneer ndi Sansui ngati mwawayesa.

Chenjezo lalikulu kwa otumiza kunja ndi magetsi. Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe, South Africa ndi Britain zili pa mavoti 220 mpaka 240 ndi 50 Hz. America ili pa mavoti 120 ndi 60 Hz. Thiransifoma imakonza mavoti okha, siikonza ma Hz. Makina a lamba amene mota yake imatengera liwiro pa magetsi a pakhoma, akachokera ku America, kuno amazungulira pafupifupi 27.8 m'malo mwa 33⅓. Woimba amamveka wolefuka, mawu atatsika. Kukonza kwake ndi kusintha kagudumu ka pa mota kuti kakhale ka 50 Hz. Kugula ku Britain kapena ku South Africa kumapewa zonsezi. Popeza magetsi akamabwerera atazima amabwera ndi mphamvu, ikani chotetezera pa soketi.

Mawu ochokera pa singano ndi ochepa kwambiri, komanso podinda amachepetsa besi n'kukweza mawu ang'ono. Pamafunika kachipangizo kotchedwa phono preamp kobwezeretsa zimenezi. Ampulifaya yakale imakhala ndi polowetsa polembedwa PHONO. Ngati palibe, onani kuseri kwa makina ngati pali switchi ya PHONO ndi LINE, kapena gulani preamp yapadera. Mukalowetsa pa AUX popanda preamp, mawu amamveka kutali, opanda besi. Mukadutsitsa pa ma preamp awiri, amaphulika n'kusasa. Mukamva kung'ung'uza kosalekeza, fufuzani kawaya kakang'ono kamene kali pambali pa mawaya ofiira ndi oyera, mukamange pa sikuluwu yolembedwa GND.

Ikani makina pamalo olimba, muyeze ndi levulo mbali zonse, ndipo masipika asakhale pa shelefu imodzi ndi makinawo. Tsopano kuyeza mkono wa singano pa makina amene amalola kutero, ntchito ya mphindi zisanu imene ambiri amailumpha. Chotsani kachivundikiro ka singano. Ikani anti-skate, kotembenuza koletsa mkono kukokera pakati pa mbale, pa 0. Masulani mkono, muugwire, mutembenuze chitsulo cholemera cha kumbuyo pang'onopang'ono mpaka mkonowo uyandame wokha, osakwera osatsika, ngati sikelo ya pamsika ikalingana. Ubwezeni pogona pake. Gwirani chitsulocho kuti chisasunthe, mutembenuze kamphete ka manambala kokha mpaka 0 alunjike pa mzere. Kenako tembenuzani chitsulo chonse pamodzi ndi kampheteko kufika pa nambala imene opanga singano analemba. Kwa singano ya AT-VM95E ndi magalamu 2.0, ndipo masingano ambiri ali pakati pa 1.5 ndi 2.5. Malizani poika anti-skate pa nambala yomweyo. Kasikelo kakang'ono ka digito koyezera singano kamatsimikiza zonse.

Ambiri amaganiza kuti kupepukitsa kumasunga mbale. Ayi. Singano yopepuka mopitirira imanjanja m'mizere n'kumaswa makoma ake, ndipo imawononga kuposa yolemererako pang'ono. Chizolowezi chakale choika kobiri pamutu pa mkono kuti usadumphe nachonso chisiyeni. Mbale ikamadumpha, vuto limakhala litsiro, levulo, kapena singano yatha. Singano imakhala maola pakati pa 300 ndi 1,000 malinga ndi mtundu wake. Mukamva "s" akusasa, makamaka pa nyimbo zakufupi ndi lebulo, nthawi yosintha yakwana. Pa makina ogula kwa munthu, sinthani singano musanaike mbale iliyonse imene mumaikonda. Poipukuta yendetsani kabulashi kuchokera kumbuyo kubwera kutsogolo, osati cham'mbali.

Kutsuka ndi kusunga

Phokoso lambiri la mbale yakale ndi litsiro chabe. Sakanizani magawo atatu a madzi opanda mchere (distilled water) ndi gawo limodzi la isopropyl alcohol, muonjezere dontho limodzi kapena awiri a sopo wamadzi wotsukira mbale pa theka la lita. Madziwo ndi aja othira mu batire ya galimoto, koma werengani botolo mutsimikize kuti si asidi. Madzi a pampopi ndi a pamjigo amasiya mchere m'mizere. Sipiriti wofiirira uja musamugwiritse ntchito, ali ndi utoto ndi zina zotsalira.

Gonekani mbale pa thaulo loyera, nyowetsani kansalu ka microfibre, mupukute mozungulira motsatira mizere, maulendo atatu kapena anayi, lebulo isanyowe. Tsukuluzani ndi kansalu kena ka madzi okhaokha. Iimikeni pamthunzi mphindi 30 kufikira itauma, ndipo musaiimbe yonyowa. Mbale ya 78 isakhudzidwe ndi alcohol ngakhale pang'ono, chifukwa amasungunula shellac. Imeneyo ndi ya madzi ochepa ndi kuumitsa msanga.

Mbale yotsuka isabwerere m'pepala lakale, ipatseni kathumba katsopano ka polyethylene. Sungani choimika ngati mabuku, osati chosanjikiza, ndipo zisatsamirane mopendekeka. Adani ake kuno ndi awiri. Kutentha kwa Okutobala: mbale yosiyidwa m'galimoto kapena pawindo imapindika masana amodzi, ndipo shelefu yapafupi ndi denga la malata ndi yoopsa. Chinyezi cha dzinja: shelefu italikirane ndi khoma ndi simenti yapansi, muikemo timapaketi ta silica tija topezeka m'mabokosi a nsapato. Onaninso chiswe, chimakonda zikuto.

Makaseti

Nyimbo zambiri za ku Malawi za m'ma 1980 ndi 1990 sizinadindidwe pa vinyl, zili pa makaseti, ndipo apa ndi pamene wosaka wa kuno ali patsogolo pa wa ku Brooklyn. Onani kasiponji kakang'ono kamene kali pansi pa tepi pakati. Kakagwa, mawu amazimirira, koma mungamate kena kochokera m'kaseti yakutha. Zungulitsani tepi ndi bolopeni kuti muone ngati siinamatirire, kenako ipititseni kutsogolo ndi kumbuyo kamodzi musanaimbe. Pukutani hedi ndi kagudumu ka labala ndi kathonje konyowa pang'ono ndi isopropyl, chifukwa kagudumu kokhala ndi litsiro ndi kamene kamatafuna tepi. Ijambuleni pa kompyuta ulendo woyamba womwewo. Pulogalamu yojambulira mawu ya Audacity ndi yaulere. Ikani pa 44.1 kHz, mawu okwera kwambiri afike cha pa −6 dB, musunge ngati WAV kapena FLAC, ndipo jambulani chithunzi cha chikuto mbali zonse. Kusunga kwanu n'kwina, kufalitsa n'kwina. Musanaike pa intaneti kapena kugulitsa, pezani chilolezo kwa woimba kapena banja lake. COSOMA ku Malawi ndi ZAMCOPS ku Zambia ndi poyambira kufunsa.

Ndalama yanu ikupita kwa ndani

Mbale yakale mukaigula kwa munthu, woimba salandirapo kanthu. Yodindidwanso mwachilolezo ndi imene imamufikira. Werengani kuseri kwa chikuto: payenera kulembedwa amene anapereka chilolezo, ndipo makampani abwino amaikamo kabuku ka zithunzi ndi mbiri yochokera pakamwa pa oimbawo. Chikuto cha zithunzi zosaoneka bwino, chopanda adiresi ya kampani, nthawi zambiri n'chakuba, ndipo Discogs imazilemba kuti Unofficial Release. Kudindanso koyenera kumasintha moyo wa munthu. Jagari Chanda wa WITCH anali atasiya siteji kwa zaka zambiri, akukumba miyala yamtengo. Nyimbo zake zitatulukanso anayamba kuimba ku Ulaya ndi ku America, ndipo gululi linatulutsa chimbale chatsopano mu 2023.

Kwa oimba amoyo osatchuka, tsamba logulitsira nyimbo la Bandcamp limatenga 15 pa 100 alionse pa nyimbo za digito, zotsalazo n'kupita kwa woimba kapena kampani yake atachotsa zolipirira katumizidwe ka ndalama. Pa Spotify, kuyambira 2024, nyimbo yosafika pa kumveredwa maulendo 1,000 pa chaka silandira kalikonse. Ndiye kubisa nyimbo kuti ikhale yanu nokha kumamulanda woimbayo chakudya. Itumizeni kwa anzanu.

Ikatchuka

Tsiku lidzafika pamene nyimbo imene munaipeza movutikira idzamveke m'minibasi kapena pa TikTok. Zinachitika ndi Amanaz, imene nyimbo yake inamveka mu sewero la pa TV la Ted Lasso, ina n'kudulidwa ndi Travis Scott mu 2023. Kutchuka kumayendanso mbali inayo: Esau Mwamwaya wa ku Malawi anali kugulitsa katundu wakale m'sitolo ku London pamene anakumana ndi ojambula a Radioclit, ndipo gulu lawo, The Very Best, loimba m'Chichewa, linayamba kukondedwa ndi owerenga Pitchfork mu 2008 ndi 2009 anthu ambiri ku Malawi asanalimve.

Mukamva mtima ukuzizira pa gulu limene latchuka, liyeseni musanalitaye. Ikani nyimbo yakale ndi yatsopano motsatizana, mutalinganiza voliyumu ndi khutu, chifukwa yokwera mawu imanyenga. Onani ngati wojambula wasintha, ngati olemba nyimbo achuluka kuchoka pa awiri kufika pa asanu ndi atatu, ngati ng'oma zamanja zalowedwa m'malo ndi za kompyuta, ngati malo achete ndi okwera afanana onse. Zimenezi zikakhalapo, muli ndi chifukwa chenicheni chonenera kuti zakale zinali bwino, ndipo mungachitchule ndi dzina. Zikapanda kukhalapo, chasintha ndi chiwerengero cha omvera chabe, ndipo chimbale chili pa shelefu yanu chikumveka monga chinkamvekera dzana. Chitaninso mayeso omwewo chobwerera: mwezi uliwonse tengani nyimbo imodzi imene ili pamwamba pa wayilesi, ya amapiano kapena ya kwaya, muipatse maulendo atatu aja. Besi ya log drum ya amapiano inayamba m'makomboni a ku Gauteng ngati chinthu cha ochepa, ndipo kufalikira sikunaichotsere luso.

Pa nkhani ya kugula, kutchuka kumakweza mtengo wa mbale zoyambirira mwadzidzidzi, ndipo miyezi yoyambayo ndi nthawi yoipa yogulira. Ndi nthawinso imene zachinyengo zimachuluka, choncho manambala a pa kabwalo kosalala aja ayang'aneni kawiri. Ikani mbaleyo pa mndandanda wa zofuna pa Discogs kuti muzilandira uthenga wina akaika yake pamsika, ndipo lembetsani imelo yanu ku kampani imene ili ndi chilolezo, chifukwa nyimbo ikafunidwa ndi ambiri kawirikawiri amaidindanso. Yodindidwanso ndi imene muziimba tsiku ndi tsiku. Ngati muli ndi yoyambirira, itsukeni, ijambuleni kamodzi pa kompyuta ndi singano yatsopano, mulembe manambala ake m'kope, muibwezere m'kathumba kake.